Mphunzitsi amene anamva nyenyezi ikufa ali pansi pa phiri

Pa 23 February 1987, m'thanki la madzi lomwe linali mamita 1,000 pansi pa phiri m'dera la Kamioka ku Japan, munang'anima kuwala kochepa ka 11 m'masekondi 13. Palibe amene anakuona ndi maso. Patapita masiku angapo ndi pamene ophunzira anapeza zizindikirozo m'matepi a kompyuta. Mwini ntchitoyo, Pulofesa Masatoshi Koshiba, anali atatsala ndi mwezi umodzi kuti apume pa ntchito pa Yunivesite ya Tokyo.

Koshiba anabadwa mu 1926 mumzinda wa Toyohashi, ndipo bambo ake anali msilikali. Iyenso ankalakalaka usilikali, koma ali mnyamata anadwala poliyo ndipo njirayo inatsekeka. Pa sukulu sanali m'gulu la ana amene aphunzitsi ankanyadira. Iye mwini ankakonda kufotokoza kuti tsiku lina ali m'bafa la ku hostelo anamva mphunzitsi akunena kuti mnyamata ameneyu sangakwanitse fizikisi. Mawuwo anamulasa mtima, anakhalira mabuku, n'kulowa dipatimenti ya fizikisi yomweyo. Anamaliza digiri yoyamba mu 1951 ali chakumunsi kwa kalasi, kenako mu 1955 anatenga digiri ya udokotala ku Rochester, ku America, atafufuza za cheza chochokera kuthambo.

Zaka zotsatira anazithera ku Chicago, ku Tokyo ndi ku Hamburg, komwe gulu lake linkawombanitsa tizinthu ting'onoting'ono m'makina a pa malo ofufuzira otchedwa DESY.

Nkhani yeniyeni ili ku Kamioka. Cha m'ma 1970 akatswiri ena anaganiza kuti proton, kanthu kopezeka pakati pa atomu iliyonse, sikakhala mpaka kalekale koma kamasweka. Koshiba anafuna kuona ndi zida zake. Mu mgodi wa zinki anaikamo thanki la matani 3,000 a madzi oyera, m'makoma mwake n'kupachikamo mababu agalasi pafupifupi 1,000 ozindikira kuwala. Ndalama zinali zochepa poyerekeza ndi za anzake a ku America, omwe anali ndi thanki lalikulu mu mgodi wa mchere ku Ohio. Choncho anakakamira kampani ya Hamamatsu kuti imupangire mababu a masentimita 50, aakulu kuposa ena onse amene analipo pa nthawiyo, kuti thanki lake laling'ono lione bwino kuposa lalikulu. Apa ndi pamene ndimamupatsira ulemu: anadziwa kuti pa kukula sangapambane, nasankha kupambana pa maso.

Thanki limeneli, lotchedwa Kamiokande, linayamba ntchito mu 1983. Proton yosweka sinaoneke, ndipo mpaka lero sinaonekebe. Wina akanatseka mgodi n'kubwerera ku tauni. Koshiba anatembenuza cholinga: anayeretsa madzi, nakonza zida kuti zigwire ma neutrino ochokera ku dzuwa. Tizinthu timeneti tilibe mphamvu ya magetsi ndipo timadutsa m'thanthwe ngati mulibe kanthu. Mabiliyoni ambirimbiri akudutsa pa chikhadabo chanu sekondi iliyonse pamene mukuwerenga nkhaniyi. Mwa apo ndi apo kamodzi kamagunda china m'madzi, pamenepo pamatuluka kuwala kwabuluu komwe mababu aja amagwira.

Kukonzako kutangotha, nyenyezi yaikulu inaphulika mu mlalang'amba wa Large Magellanic Cloud. Kunena zoona inaphulika zaka zoposa 160,000 zapitazo, koma uthenga wake unafika tsiku lija la 23 February 1987, ma neutrino ali patsogolo, kuwala kukubwera m'mbuyo patapita maola angapo. Thanki la ku Ohio linagwira 8. Aka kanali koyamba kuti anthu agwire ma neutrino ochokera kunja kwa dera la dzuwa lathu, ndipo zinatsimikizira kuti nyenyezi ikamafa, pafupifupi mphamvu zake zonse zimatuluka ndi tizinthu timeneti. Anthu ambiri anati ndi mwayi. Mwayi unalipodi, koma unapeza madzi ali oyera ndi mababu ali tcheru.

Mphoto ya Nobel inabwera mu 2002, ndipo anagawana ndi Raymond Davis Jr. ndi Riccardo Giacconi. Komabe chuma chake chachikulu chinali ophunzira. Yoji Totsuka anatsogolera Super-Kamiokande, thanki la matani 50,000 lomwe linayamba mu 1996, ndipo ndi iye amene analimbitsa gulu mitima mu November 2001, pamene babu limodzi linasweka n'kuphwanyitsa oposa theka la mababu 11,000. Takaaki Kajita analengeza mu 1998 kuti ma neutrino amasintha mtundu ali pa ulendo, kutanthauza kuti ali ndi kulemera, ndipo analandira Nobel mu 2015. Totsuka anali atamwalira ndi khansa mu 2008. Koshiba anamwalira pa 12 November 2020 ali ndi zaka 94.

Mlalang'amba umene munaphulika nyenyezi ija suoneka ku Tokyo, koma kwathu kuno umaoneka. Mukakhala kumudzi usiku wopanda mwezi ndi mitambo, m'miyezi ya December ndi January, yang'anani kumwera: mudzaona kamtambo kotuwa kamene mphepo siikankha.