Msewu wa Tiyi m'Nyengo ya Chiperoni

Amene anayendapo ndi ana Loweruka m'mawa kuchokera ku Limbe kupita ku Mulanje m'mwezi wa June kapena July amadziwa mmene ulendowu umakhalira. Mukangodutsa msika wa Bvumbwe nkhungu imatsika, mvula yamawawa n'kuyamba kuwaza pagalasi, woyendetsa n'kuyatsa magetsi kunja kuli masana. Kumbuyo ana avala majuzi ndi zipewa, afunda chitenje chimodzi, akulimbirana mbatata yootcha. Pofika ku Thyolo mapiri onse amaoneka obiriwira ndi tiyi, ndipo mwana wanga wamkazi salephera kufunsa kuti, "Ababa, tiyi yenseyu anadzala ndani?"

Ndimayamba kumuyankha ndi chiperoni chomwe iye amadandaula nachocho. Mphepoyi imachokera kunyanja ya mchere, imadutsa ku Mozambique mbali ya phiri la Chiperone, ndipo ikagunda mapiri a Thyolo ndi Mulanje imagwetsa chinyezi pa nthawi imene kwina konse kwauma. Tiyi safuna chilimwe chachitali. Popanda mawawa amenewa, mbewuyi sikanakhazikika kuno.

Mbewu zoyamba za tiyi zinafika ku mishoni ya Blantyre mu 1878, koma sizinapite patali. Zimene zinabwera pambuyo pake zinamera, ndipo mu 1891 Henry Brown, yemwe analimapo khofi ku Ceylon, anadzala tiyi m'munsi mwa phiri la Mulanje. Nthawi imeneyo atsamunda mtima wawo unali pa khofi. Khofiyo atagwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, tiyi anayamba kutenga malo, n'kufalikira mpaka ku Thyolo.

Koma mabuku amatchula mayina a eni minda okha. Manja amene anagwetsa nkhalango, kukumba maenje ndi kuthyola masamba anali a anthu athu, ambiri mwa iwo Alhomwe amene anawoloka mtsinje wa Ruo pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika anapeza kuti malo abwino anali kale m'manja mwa azungu, chifukwa boma la Harry Johnston linali litawapatsa zikalata za umwini. Wofuna pomanga nyumba ndi polima chimanga ankalipira ndi thukuta. Imeneyo ndiyo thangata. Mkwiyo wake unaphulika ku Thyolo mu 1953, anthu anafa pa zipolowe zimenezo, ndipo thangata inathetsedwa mwalamulo mu 1962.

Agogo anga aakazi anabadwira pa esiteti ina ya ku Thyolo, makolo awo atachokera kutsidya kwa Ruo. Ankatiuza kuti ankadzuka tambala woyamba, dengu kumsana, chiguduli pamapewa, mapazi opanda nsapato m'mame ozizira. Kapitawo ankafuna masamba awiri ndi kansonga basi; ukasakaniza okhwima, pa sikelo ankakubweza. M'dzinja ntchito yothyola inkachuluka, pomwe nyengo yozizira inali yodulira mitengo, amuna atagwira mipeni yopindika ndi zala zouma ndi chisanu. Kumapeto kwa sabata ankalandira phoso la ufa ndi mchere pang'ono. Mpaka ukalamba wawo, zala za agogo zinali ndi mikwingwirima yakuda imene sopo sankaichotsa. Ufulu utabwera, bungwe la Smallholder Tea Authority linakhazikitsidwa mu 1967 kuti alimi ang'onoang'ono nawonso azilima tiyi wawo, koma minda ikuluikulu idakalipo ndipo malo olima akadali ochepa kwa anthu a m'maboma awiriwa.

Mukadutsa Luchenza, phiri la Mulanje limakhala litabisala m'mitambo, ndipo ana amakangana kuti Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, ili mbali iti. Pa Chitakale timagula nanazi, kenako n'kukhotera ku Likhubula. Nkhalango ya phirili inayamba kutetezedwa ndi boma mu 1927, mkungudza wake unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lathu mu 1984, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Ku Likhubulako, pa Dziwe la Nkhalamba, ana amangoviika chala m'madzi n'kuthawa akukuwa, chifukwa kuzizira kwake kumalowa m'mafupa.

Makolo anzanga, mukamayenda msewu umenewu yendetsani pang'onopang'ono, chifukwa m'nkhungumo muli njinga, ana ndi amayi osenza nkhuni. Nyamulani zofunda ndi tiyi wotentha m'fulasiki. Koma koposa zonse, imani penapake m'mbali mwa minda, ana atsike aone mayi ali ndi dengu kumsana, amupatse moni mwaulemu. Auzeni amene anadzala tiyiyu ndi mmene anavutikira, chifukwa mbiri imene sitiwauza ife palibe adzawauze.