Ntchito ya Ma Drone Poyeza Cheza pa Malo Opangira Magetsi a Nyukiliya

Cheza cha nyukiliya, chomwe akatswiri amachitcha radiation, sichioneka ndi maso, chilibe fungo, ndiponso sichimveka pakhungu. Munthu angathe kuima pamalo pomwe pali cheza chochuluka osazindikira kanthu, chikhalirecho chikumuwononga m'thupi, ndipo chimatha kudzayambitsa khansa patapita zaka. Njira yokhayo yodziwira kuchuluka kwake ndi kuyeza ndi makina, koma wonyamula makinawo amalandira cheza chomwe akuyezacho. Pa chifukwa ichi, maiko ena akugwiritsa ntchito ndege zing'onozing'ono zouluka popanda munthu mkati, zotchedwa ma drone, kuti ndizo zizifika kumalo oopsa munthu ali patali.

Momwe kuyezaku kumachitikira

Drone yoyezera cheza imanyamula zida zitatu: makina ozindikira cheza cha mtundu wa gamma, chida cha GPS chosonyeza pomwe ili, ndi chida choyeza kutalika kwake kuchokera pansi. Cheza cha gamma chimayenda mtunda wautali mumpweya, n'chifukwa chake chimatheka kuyezedwa kuchokera m'mwamba. Drone imauluka mobwerezabwereza m'mizere yoyandikana, monga momwe mizere imayendera m'munda, ikulemba zomwe yapeza pamalo paliponse. Pambuyo pake kompyuta imawerengetsa kuchuluka kwa cheza chomwe munthu angalandire ataima pamalopo, pa mita imodzi kuchokera pansi, ndipo zotsatira zake zimaikidwa pa mapu a mitundu yosiyanasiyana.

Ndege zikuluzikulu zimauluka m'mwamba kwambiri komanso mothamanga, kotero timalo ting'onoting'ono ta cheza chochuluka sitioneka pa mapu ake. Woyeza woyenda pansi amapeza zenizeni, koma amachedwa, ndipo safika mosavuta m'nkhalango, m'mapiri kapena pa madenga. Drone imauluka pafupi ndi nthaka komanso pang'onopang'ono, motero imapeza malo monga ngalande ndi zigwa momwe madzi a mvula aunjika dothi loipitsidwa.

Zomwe zidachitika ku Fukushima

Pa 11 Marichi 2011, chivomerezi chachikulu chidagwedeza dziko la Japan, ndipo mafunde a tsunami adasefukira pa malo opangira magetsi a Fukushima Daiichi. Magetsi oyendetsa makina oziziritsa adazima, ndipo mkati mwa ng'anjo zitatu za nyukiliya, zomwe zimatchedwa reactor, mudasungunuka. Anthu okhala m'dera la makilomita 20 kuzungulira malowa adalamulidwa kusamuka, kusiya nyumba, minda ndi ziweto.

Mu Epulo chaka chomwecho, ma drone otchedwa T-Hawk adatumizidwa kukajambula nyumba zowonongekazo. Kenaka bungwe la Japan Atomic Energy Agency lidagwiritsa ntchito helikoputa zopanda munthu, zopangidwa ndi kampani ya Yamaha, poyeza cheza m'dera loyandikana ndi malowa. Mu 2024, kampani ya TEPCO, yomwe ndi mwini malowa, idalowetsa ma drone okwana m'dzanja mkati mwa chipinda chotchinga ng'anjo yoyamba, momwe munthu sangalowe, kuti akajambule momwe zinthu zilili. Bungwe loona za mphamvu ya nyukiliya pa dziko lonse la IAEA lidagwiranso ntchito ndi boma la chigawo cha Fukushima pokonza njira yoyezera cheza ndi ma drone.

Zomwe zidachitika ku Chernobyl

Ngozi ya ku Chernobyl, m'dziko la Ukraine, idachitika pa 26 Epulo 1986, ndipo dera la makilomita 30 kuzungulira malowa lidatsekedwa. Mu Epulo 2019, akatswiri a ku University of Bristol ya ku Britain adauluza ma drone pamwamba pa nkhalango yotchedwa Red Forest, yomwe ndi imodzi mwa malo oipitsidwa kwambiri, komanso pa madera oyandikana nayo. Patatha zaka 33 chichitikireni ngoziyo, adapeza timalo ta cheza chochuluka tomwe mapu akale sadationetse bwino.

Kufunika kwake kwa alimi ndi amalonda

Chimodzi mwa zinthu zomwe zimatsalira m'nthaka ngozi yotere ikachitika ndi caesium-137, yomwe mphamvu yake imachepa ndi theka pa zaka pafupifupi 30 zilizonse. Imakakamira kudothi la pamwamba, ndipo imatha kulowa m'mbewu, m'bowa ndi mu msipu wa ziweto. Mapu a cheza amathandiza akuluakulu a boma kudziwa midzi yomwe anthu angabwerere, minda yofunika kupalidwa dothi la pamwamba, ndi madera oyenera kukhalabe otsekedwa. Mapu akakhala osalongosoka, alimi angabwezedwe pamalo oopsa, kapena kuletsedwa kulima munda wabwinobwino.

Zomwe drone singathe kuchita

Ma drone ang'onoang'ono ambiri sakhalitsa m'mwamba chifukwa batire limatha msanga, ndipo mphepo yamkuntho ndi mvula zimalepheretsa ntchito. Cheza champhamvu chimawononga makamera ndi zida zina za mkati mwa drone, pomwe GPS sigwira ntchito mkati mwa nyumba za konkire. Cheza cha mtundu wa alpha ndi beta sichifika patali, kotero sichiyezeka kuchokera m'mwamba. Koposa zonse, drone singanene ngati chakudya chili choyenera kudyedwa kapena kugulitsidwa. Pamafunikabe kutapa dothi, madzi ndi zokolola n'kukaziyeza. Ku Japan, kuyambira mu Epulo 2012, malamulo salola kugulitsa zakudya zambiri ngati caesium wapitirira mabecquerel 100 pa kilogalamu, ndipo kuyambira chaka chomwecho mpaka 2019 chigawo cha Fukushima chinkayeza thumba lililonse la mpunga lisanapite kumsika.

Dziko la Malawi lilibe malo opangira magetsi a nyukiliya. Mu Africa, malo okhawo omwe akugwira ntchito ndi a Koeberg, pafupi ndi mzinda wa Cape Town ku South Africa. Komabe njira yomweyi imagwiranso ntchito poyeza cheza m'madera a migodi ya uranium, mwala womwe umapezekanso ku Kayelekera m'boma la Karonga. M'dziko muno, nkhani zonse zokhudza cheza cha nyukiliya zimayang'aniridwa ndi bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, potsatira lamulo la Atomic Energy Act la chaka cha 2011.