Mayi amasaina, koma kuphiri safikako

Kawiri pachaka, mu June ndi mu December sukulu zikatsekera, anyamata achi Xhosa a ku Eastern Cape, m'dziko la South Africa, amapita kuphiri kukavinidwa. Mwambowu amautcha ulwaluko. Akadulidwa, mnyamata amafuula kuti tsopano ndi mwamuna, amadzola dothi loyera thupi lonse, n'kubindikira mumsasa mpaka bala lipole. Mayi ake sapondako phazi, ndipo safunsa, poti za kumeneko sizikambidwa ndi akazi.

Kale mayi ankatha kuugwira mtima. Pamene Nelson Mandela ankavinidwa mu 1934 m'mbali mwa mtsinje wa Mbashe, ali ndi zaka 16, mwambo udali m'manja mwa mafumu ndi akuluakulu a m'deralo. Wodula ankadziwika, woyang'anira bala naye ankadziwika. Mayi ankadziwa amene wamusiyira mwana.

Kenaka migodi ya ku Johannesburg idameza abambo, ana ochuluka n'kukulira m'manja mwa amayi ndi agogo okha. Kwa anthu a mtundu wa Mpondo, ku Eastern Cape komweko, kumene mdulidwe udalekeka m'masiku a mfumu Faku m'zaka za m'ma 1800, mwambo udabweranso chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900, oudziwa bwino atatha kale. Adyera adatsegula misasa yawo pofuna ndalama. Anyamata mazanamazana afera kutchire, ena chifukwa chomanidwa madzi, ena bala litavunda.

Boma la Eastern Cape lidakhazikitsa lamulo mu 2001 loti mnyamata ayambe wapimidwa kuchipatala ndiponso kholo livomereze polemba. Lamulo la dziko lonse la 2021 lidatsindika zomwezo, n'kuletsa kuvinira mwana wosakwana zaka 16. Apa mpamene pamapweteka: m'nyumba yopanda bambo, wogwira cholembera ndi mayi, yemweyo amene mwambo umamuletsa kukaona chimene wasainira.

Ntchito ya mayi imakhala ya kumoto. Amaphika, anyamata ang'onoang'ono n'kunyamula chakudyacho kupita nacho kuphiri. Mbale zikabwerako amazivundukula msangamsanga, kuti aone ngati mwana wadya. Kwinaku akufulula mowa wa umqombothi, akugula bulangete latsopano ndi zovala zimene mwanayo adzavale monga mwamuna. Tsiku lotuluka msasa umatenthedwa, anyamata amachoka osacheuka, ndipo paphwando la umgidi nthungululu yoyamba imakhala ya mayi.

Amayi ambiri safuna kuti mwambowu uthe, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Wosavinidwa amatchedwa mnyamata ngakhale atamera imvi, ndipo wothawira kuchipatala amanyozedwa, monga momwe Thando Mgqolozana adaonetsera m'buku lake la 2009, A Man Who Is Not a Man. Chimene amayiwa akupempha n'chochepa, ndipo n'chosayenera kuwamana: mwana akayamba kufooka, auzidwe tsiku lomwelo, galimoto yopita kuchipatala ipezeke asanayambe kukangana za ulemu wa banja.