Mbiri ya Dzala m'Tsinde mwa Phiri la Mulanje

Kalekale, msewu wa phula usanadutse pa Chitakale ndi pa Limbuli, pamene Amang'anja anali kulima m'mbali mwa Ruo ndi Thuchila, ndipo Ayao ndi Alomwe anali kufika m'magulumagulu kudzamanga midzi m'tsinde mwa phiri, panalibe mwana amene anakhazikidwa pansi kuti aphunzitsidwe kasamalidwe ka zinyalala, pakuti moyo wa pamudzi unali kumulangiza wokha kuyambira mbandakucha kufikira dzuwa kulowa. Chimanga chikakonoledwa, gaga anali wa nkhuku. Zitsononkho zinali nkhuni, ndipo phulusa lake amayi anali kuchezera chidulo chophikira thelere. Mphika ukasweka, phale lake linali kukazingira mtedza kapena kukapalira moto kwa anansi. Khasu likaperepeseka, linali kupita kwa wosula ndi kubwerako lili mpeni kapena nsompho. David Livingstone, poyenda pakati pa Amang'anja m'chaka cha 1859, anachita chidwi ndi luso lawo losungunula chitsulo. Ndipo munthu amene watuluka thukuta pa ng'anjo ndi mvukuto sataya chitsulo wamba.

Zimene zinatheratu ntchito zinali kupita kudzala, kuseri kwa nyumba. Tisawakometse makolo athu kupitirira muyeso: iwonso anali kutaya, nthawi zina panjira pomwe, atadya nthochi kapena mzimbe. Koma zonse zimene dzanja lawo linali kutaya, kaya ndi lichero lothyoka, kaya ndi tsamba lomangira chikwatu, zinachokera m'nthaka, ndipo nthaka inali kuzilandira. Nkhuku zinali kupalasa, chiswe chinali kudya, mvula yosatha ya ku Mulanje inali kuvunditsa, kotero kuti pakutha pa dzinja maungu onona koposa m'mudzi monse anali kuyanga padzala pomwepo.

Henry Brown atabzala tiyi pa Thornwood m'chaka cha 1891, ndipo minda ya Azungu itayamba kufalikira, ntchito ya thangata inadza pamodzi ndi katundu wachilendo: zitini, mabotolo, ziguduli, ndipo patapita nthawi matayala a galimoto. Chodabwitsa n'chakuti mudzi sunatsamwe nazo. Chitini chinasanduka koloboyi, tayala linasanduka nkhwaira, chubu lake linadulidwa malegeni omangira katundu pa njinga, ndipo anyamata, popanda mphunzitsi wina aliyense, anapinda mawaya otayika nakonza magalimoto oyendetsa ndi bango lalitali. M'sukulu za mishoni ana anali kulemba pa sileti, kufufuta, ndi kulembanso. Ndipo pa Sabata anali kumva za Ambuye amene, atadyetsa khamu la anthu m'chipululu, sanalole kuti makombo atsale pa udzu, mpaka mitanga 12 inadzala. Ngakhale botolo la Fanta la masiku a Ngwazi linali ndi mtengo wake: wogulitsa sanali kulola kuti lichoke pa golosale popanda chikole, ndipo mwana wolitola panjira anali atatola ndalama.

Sukulu nayo inali ndi mwambo wake wa ukhondo. Mwana aliyense anali kudza ndi tsache, bwalo linali kuseseredwa belu lisanalire, ndipo m'Sabata ya Achinyamata ophunzira anali kulambula misewu ndi kugwira ntchito za chitukuko. Koma apa, ndinene mosapsatira, aphunzitsi athu olemekezeka anafesa namsongole pakati pa tirigu osadziwa, pakuti anasandutsa kutola mapepala ndi kukumba nkhuti kukhala chibalo cha wochedwa ndi wolongolola. Ndipo mwana amene wakula akudziwa kuti kuwerama ndi kutola chinyalala ndi manyazi a wolakwa, sadzawerama mwa kufuna kwake akadzamera ndevu.

Maphunziro a zachilengedwe analowa m'sukulu kudzera kwenikweni m'makalabu. Bungwe limene linayamba m'chaka cha 1947 ndi dzina loti Nyasaland Fauna Preservation Society, lomwe lero ndi Wildlife and Environmental Society of Malawi, linafalitsa makalabu a zachilengedwe pamodzi ndi kamagazini ka ana ka Nantchengwa. Ndipo kuno kwathu a Mulanje Mountain Conservation Trust, podera nkhawa mkungudza umene macheka atsala pang'ono kuumaliza m'phirimo, akhala akuphunzitsa ana za nazale ndi kubzala mitengo. Maphunziro aulere a pulayimale atayamba m'chaka cha 1994, ana anasefukira m'makalasi, mabuku naperewera. Chotero njira ya TALULAR, yophunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo, inakhala chipulumutso cha aphunzitsi, ndipo ana ambiri a Sitandade 1 anadziwa kuwonkhetsa ndi zitsekerero za mabotolo, makatoni akale nasanduka matchati a pakhoma.

M'zaka zomwezo jumbo inali kulowa m'misika, ndipo tinailandira ndi manja awiri, pakuti inali yopepuka, yosanyowa, ndi yaulere. Koma akuluakulu ananena kale za chikomekome cha nkhuyu chimene m'kati mwake muli nyerere. Ana anayesa nzeru za makolo awo: anakulunga majumbo nakonza mpira wa chikulunga, ndipo mapepala a shuga anasanduka machubu ofesera mbande. Koma mpira umodzi ukwanira anyamata a mudzi wonse, pamene msika wa Limbuli tsiku limodzi lokha umwaza majumbo oposa amene ana a boma lonse angakulunge. Dzanja likutaya monga momwe linali kutayira kale, koma dzala silingathenso kudya. Mbuzi ikameza jumbo imaonda kufikira kufa, khasu limaifukula m'munda patapita zaka ili chimodzimodzi, ndipo mvula imaikokolola kupita ku Likhubula ndi ku Ruo.

Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamayikuloni 60 m'chaka cha 2015. Eni mafakitale anathamangira kukhoti, ndipo ngakhale khoti lalikulu la apilo linagamula mokomera chiletsocho m'mwezi wa July 2019, ziletso zina za makhoti zoimitsa lamulolo zinatsatira, majumbo napitirira kutuluka. M'mwezi wa November 2020 Pulezidenti Lazarus Chakwera anakhazikitsa tsiku losesa m'dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo monga mwa nthawi zonse, ana a sukulu nawonso anatuluka ndi matsache.

Lero mphunzitsi wa ku Mulanje amalamula kuti pakumbidwe maenje awiri, lina la zowola lopangira manyowa a dimba la sukulu, lina la zosawola. Ndipo phunziro limeneli ndi loona, pakuti kusiyanitsa kumeneku ndiko kokha kumene agogo sakanatha kuphunzitsa. Dzenje loyamba limabala mpiru ndi tomato. Lachiwiri likadzala, galimoto yodzatenga zinyalala sifika kumudzi, ndipo ogula zakutha amafuna zitsulo ndi zigubu zolimba, jumbo yopyapyala saiyang'ana n'komwe. Chotero mphunzitsi yemweyo, amene Lolemba anachenjeza ana za kuipa kwa utsi wa pulasitiki, pofika Lachisanu amatuma mmodzi wa iwo kukapala moto.