Mphunzitsi wanjala ndi mantha saphunzitsa

Ndinakulira ku Mitundu, pafupi ndi phiri la Bunda. Ndili mwana ndinkaona aphunzitsi a pa Bunda akudutsa pagalimoto, ine n'kumati awa ndiye anafika. Lero ndili payunivesite ndipo ndaona kuti nkhani yawo ndi yosiyana ndi mmene ndinkaganizira.

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo Bunda inakhala nthambi yake yophunzitsa zaulimi. Nthawi ya Kamuzu Banda mphunzitsi wa payunivesite ankalemekezedwa, koma pakamwa pake panali pomanga. Mu 1987 Jack Mapanje, yemwe anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anamangidwa ndipo anakhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Kodi anzake otsala akanaphunzitsa bwanji momasuka?

Matipate atabwera, mantha sanatheretu. Mu February 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa Blessings Chinsinga kukamufunsa za chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi ananyanyala ntchito, anayi anachotsedwa, kuphatikizapo Jessie Kabwila, ndipo ophunzira anataya miyezi yambiri ali pakhomo.

Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lokhazikitsa LUANAR, ndipo mu 2012 Bunda inachoka mu Yunivesite ya Malawi. Chiwerengero cha ophunzira m'mayunivesite aboma chinakwera, zomwe ndi zabwino kwa ife ana a alimi. Koma mphunzitsi yemwe ankadziwa ophunzira ake ndi mayina tsopano amachonga mulu wa mapepala usiku wonse. Kenako mu November 2023 ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 peresenti, malipiro n'kusanduka madzi.

Chaka chatha mphunzitsi wathu wina anatibwezera ntchito yathu patatha miyezi iwiri. Tinkamunyoza kuti ndi waulesi. Pambuyo pake ndinamva kuti Loweruka ndi Lamlungu amakaphunzitsa kwina kuti alipirire ana ake fizi. Ndinachita manyazi.

Nkhaniyi simathera m'kalasi. Mlimi wa ku Nathenje amadalira mlangizi, mlangiziyo amadalira amene anamuphunzitsa. Mphunzitsi akasowa nthawi yochita kafukufuku, kapena akathawira ku Botswana, mundawo ndi umene umalipira.

Anzanga, tikamadandaula kuti magiredi achedwa, tizifunsanso kuti amene akuwachongayo akugwira ntchito m'nyengo yotani. Mbiri yationetsa kuti iwo akavutika, oyamba kumva kuwawa ndife.