Mlandu wa Galu ndi Nkhuku m'Chigwa cha Shire

Kuyambira kale, Amang'anja ndi Asena a ku Chikwawa ndi Nsanje ankatchinjiriza nkhuku zawo m'njira ziwiri. Yoyamba inali chitele chomangidwa m'mwamba pa mitengo, pomwe galu sakanatha kufika. Yachiwiri inali bwalo la nyakwawa.

Galu wa mnansi akagwira nkhuku, mwini nkhukuyo sankathamangira chibonga ayi. Ankaitana mboni kuti ione nthenga ndi mapazi a galu, kenaka n'kukadandaula kubwalo. Wopha galu chifukwa cha mkwiyo ankasanduka woimbidwa mlandu, pakuti galuyo anali mlonda wa pakhomo komanso wothandiza posaka. Wolakwa anali mwini galu wolekerera chiweto chake, ndipo ankabweza nkhuku, mwinanso ndi ina ya chindapusa.

Mu 1933 boma la atsamunda lidavomereza makhoti a mafumu, koma milandu yotere idapitirira kuweruzidwa pansi pa mtengo m'mudzi.

Madzi osefukira a 2015 ndi namondwe Freddy wa 2023 adasamutsira mabanja ambiri kumtunda, kumene anthu osazolowerana adayandikana makomo. Pamalo otere mwambowu ngofunikabe. Akale adati mlandu suwola. Chimene chimawola msanga ndi unansi, ngati munthu adziweruzira yekha.