Za Kuwerenga Maina a Akalonga

Pa maliro a Acewa m'makomboni a Lusaka, kaya ndi ku Matero, ku Chawama kapena ku Kanyama, usiku ukakula akuru amayamba kukamba zakale, ndipo kawiri-kawiri amatsutsana pa funso ili: Akalonga analipo angati, ndipo anatsatana bwanji? Masiku ano wina amaturutsa pepala m'thumba, lolembedwa maina m'ndandanda, dzina liri lonse ndi caka cace, ndipo pamwamba pali 1480. Ine amene ndagwira nchito ya ukalaliki m'maofesi a boma ndinazolowera kuti kalata yopanda dzina la mwini wace siilandiridwa. Cotero ndimafunsa kuti, anakuuzani ndani?

Tiyeni tione zimene tiri nazo. Samuel Ntara analemba Mbiri ya Acewa m'zaka za m'ma 1940, atamva kwa nkhalamba za ku Nyasaland. Harry Langworthy anafunsa akuru a dziko la Undi, natsiriza kulemba mu 1969. Maina onga Mazizi, Cinkhole ndi Cidzonzi tawalandira pakamwa pa anthu, ndipo nkhalambazo sizinali kuwerenga zaka monga Azungu. Caka ca 1480 ncongoyerekeza anthu ophunzira. Palibe mlembi amene anaona Kalonga caka cimeneco.

Makalata a Apwitikizi amene amachula mfumu ya Amaravi ndi dzina afika mocedwa. Gaspar Bocarro, poyenda ulendo wocokera ku Tete kunka ku Kilwa mu 1616, anacereza kwa mfumu yaikuru dzina lace Muzura, imene inagonjetsa Lundu mu 1622 mothandizana ndi Apwitikizi. Ambiri amati Muzurayo ndiye Kalonga Masula, koma Malyn Newitt mu 1982 anakana kuti Muzura anali wa mzere wa Akalonga. Yusuf Juwayeyi anakumba pa Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, napeza mikanda ndi mapale a mbale za ku China, ndipo buku lace la 2020 lionetsa kuti mudziwo unalipo kale Bocarro asanadze. Koma phale silinena dzina la mfumu.

Bvuto lalikuru liri m'mwambo wathu womwe. Kwa ife munthu amalowa dzina. Wolowa Undi ndiye Undi, ndipo polankhula amati, ndinacoka kwa Kalonga kunka ku Mano, ngakhale amene anayenda ulendowo anafa zaka mazana apitawo. Abale a Undi woyamba amakhala abale acenso. Potero mafumu asanu angathe kusanduka mmodzi m'kamwa mwa wokamba, iye osanama konse. Ndiponso ufumu wa Aphiri umadzera kwa akazi: amabala mafumu ndi Nyangu, ndipo wolowa ndi mphwace kapena mwana wa mlongo wace wa mfumu. Ife tinaphunzira ku mishoni tinaloweza mibadwo ya pa Mateyu, ya atate kubala mwana, ndipo ena polemba za makolo athu amatsata njira yomweyo, nasandutsa mtsibweni kukhala atate.

Wina angati nkhani zakale zotere sizipweteka munthu. Zimapweteka. Mfumu ikafa ku Katete kapena ku Chadiza, mbumba ziwiri zingalimbirane dzina, ndipo mwana wobadwira ku Matero, amene amangofika kumudzi pa Kulamba ku Mkaika mwezi wa August, amadza nalo pepala lija ngati mboni. Dzina la mai mmodzi likalumphidwa, mbumba yonse yataya ufumu pamodzi ndi minda.

Cifukwa cace ine polemba ndandanda ndimaika pambali pa dzina liri lonse amene anandiuza, mudzi wace, mfunda wace ndi tsiku limene tinakambirana, pakuti Mbanda ndi Mphiri sakamba mofanana za amene anayamba kufika m'dziko. Akasiyana awiri ndimalemba zonse ziwiri. Caka ndimalemba pokha-pokha pamene pali kalata ya nthawi yomweyo, ndipo pamwamba pa Muzura mpata wa zaka ndimausiya woyera.